Kaliwu koti "rattle" ndi agogo amene ndinkawasamalira

Inali naiti shifiti, cha m'ma 3 koloko usiku, mwezi wa February kunja kukuzizira koopsa, nesi amene ndinali naye tsiku limenelo anatuluka mu rumu ya agogo ena aamuna nkundikodola. Nditafika pafupi anangonong'ona kuti "he's got the rattle" nkupita ku ofesi kukaimbira foni abale awo. Ine ndinatsala chiimire mu kolido muja. Liwu limenelo ndinkalidziwa ndithu, koma ndinkalidziwira kunyumba, pa kachidole ka mwana wanga, kapulasitiki kachikasu kokhala ndi timikanda mkati kamene mayi wina wa kutchalitchi anatigulira mwana atangobadwa, pa katoni yake panalembedwa kuti baby rattle. Nde chidole cha khanda chikudzatani mu rumu ya munthu wa zaka zoposa 90 usiku ngati uwu? Nditatsegula chitseko ndinamva ndekha. Mpweya wawo unkamveka kukhosi, khororo khororo, polowa ndi potuluka pomwe, ngati mwana akukoka tizakumwa totsalira pansi pa botolo ndi kapaipi. Kwathu ndinamvapo zimenezi kamodzi, tsiku limene agogo anga aakazi ankatisiya, koma palibe anazitchula dzina, amayi anangotembenuka nkunena kuti "thamanga ukaitane amalume ako" basi tonse tinadziwa.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno kumpoto kwa England, ngati anzathu ambiri amene tinabwera zaka zapitazi. Chingerezi ndinaphunzira kwathu ngati wina aliyense, koma kaliwu aka kanandigwira mtima mwanjira ina, moti pa buleki m'malo mongoyang'ana ma status ndinayamba kukafufuza, kufunsa anzanga achizungu, kufunsa ngakhale agogo ena amene mutu ukugwirabe bwino. Ndipo ndinapeza kuti ndi liwu limene sulingalowe mwa kuloweza. Limafuna khutu.

Tiyambe ndi phokoso lenilenilo. Rattle si phokoso limodzi ayi. Mwala umodzi ukagwa pa malata, imeneyo si rattle. Koma matalala akayamba kugwa pa malata omwewo motsatizana mwachangu osapumira, imeneyo nde rattle. Ndi timaphokoso tifupitifupi, touma, tothamangitsana, tochokera ku tinthu tolimba tikamagundana, makamaka ngati chinthucho chakhwepa kapena chili mkati mwa chinzake ndipo chili ndi mpata wovinavina. Mukatenga bokosi la machesi nkuligwedeza pa khutu kuti mumve ngati mwatsala kanthu. Makobidi m'chitini. Mapilisi m'kabotolo. Mawindo a basi yakale pa msewu wa mabampu. Zonsezi mzungu amati they rattle, ndipo liwu lomwelo ndi dzina la phokosolo, ndi dzinanso la chinthu chimene chinapangidwira kutulutsa phokosolo. Pali mnzake wa liwuli woti clatter amene anthu amawasokoneza. Mmene ine ndawamvera kukhitchini kwathu kuntchito, clatter ndi wa mbale ndi mapoto ndi masipuni akamagwerana mu sinki, kapena ziboda za hatchi pa msewu wamiyala, gobedegobede weniweni uja amayi ankatidzudzula naye kuti tikudzutsa anthu m'mawa. Rattle ndi wocheperako thupi, wothamanga kwambiri, ali pafupi ndi gwedegwede komanso kulira kwa maseche.

Kumene linachokera nkosangalatsa. M'zolemba za Chingerezi mneni ameneyu amayamba kuoneka cha m'ma 1300, nthawi imeneyo ankalemba kuti ratelen. Achidatchi mpaka lero ali nalo liwu lomwelo, ratelen, ndipo Ajeremani amati rasseln. Akatswiri ena amati Angerezi analitenga kwa Adatchi, zomwe nzomveka chifukwa nthawi imeneyo England inkagulitsa ubweya wa nkhosa wambirimbiri ku Flanders, dera limene lero lili mbali ya Belgium, ndipo amalonda ndi owomba nsalu ankangowoloka nyanja uku ndi uku, mawu nawo amakwera sitima limodzi ndi katundu. Ena amati ayi, liwuli linalipo kale pakamwa pa anthu wamba kungoti olemba anachedwa kulilemba, umboni wake nkuti m'Chingerezi chakale kwambiri, cha zaka zoposa 1000 zapitazo, munali kale dzina la chomera loti hratele, chomera chimene njere zake zimalira zikauma. Koma onse amagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti liwuli linabadwa potsanzira phokoso. Munthu anamva ra-ta-ta nkulitchula momwemo. Naye clatter ndi chimodzimodzi, m'Chingerezi chakalecho munali clatrung kutanthauza chiphokoso, ndipo Adatchi ali ndi klateren.

Nde taonani kamchira kali kumapeto, ka -le kaja. Kameneka m'Chingerezi kamasonyeza kuti chinthu chikuchitika mobwerezabwereza, pang'onopang'ono koma kambirimbiri. Crack ndi kusweka kamodzi, thwa, koma crackle ndi moto wa nkhuni zouma ukamathetheka. Spark ndi kamoto kamodzi, sparkle ndi kunyezimira kosalekeza. Tinkle, babble, giggle, prattle, onsewa ndi a pa banja limodzi. Ndipo kamchira ka -er nako kamagwira ntchito yomweyo mu clatter, chatter, patter, flutter. Tsiku limene ndinazindikira zimenezi ndinakhala pansi mu staff room tiyi mpaka kuzizira, chifukwa izi ndi zimene ife timachita tsiku ndi tsiku. Ife timangobwereza liwu lonse, gwede nkukhala gwedegwede, go nkukhala gogogo, phethi nkukhala phethiphethi, iwo amaika kamchira. Kusukulu tinaphunzira mvekero pa phunziro la Chichewa, tinkapatsidwa ndi mayeso omwe, koma belu likalira nkulowa aphunzitsi a Chingerezi palibe anatiuzapo kuti chiyankhulo chimenechinso chili ndi mawu obadwa ku khutu ngati athu. Tinkangoloweza, liwu uku tanthauzo uku, ngati Chingerezi chinagwa kumwamba chili mu dikishonale kale. Zimandiwawa ndithu, chifukwa mwana wa kumudzi amene amadziwa kusiyanitsa gobedegobede ndi tswatswatswa ali kale ndi khutu lomvera rattle ndi rustle, amangofunika wina womuuza kuti ndi zomwezija ukuzidziwa kale. Azungu mawu otere amawatcha onomatopoeia, kuchokera ku Chigiriki, onoma ndi dzina, poiein ndi kupanga, kupanga dzina basi. Pa mbali imeneyi ife ndife olemera kuposa iwo, athu safotokoza phokoso lokha, amafotokoza ndi mtundu ndi kayendedwe ndi kukhala chete komwe, psuu, mbuu, zii, nyomi. Mpaka katswiri wa ziyankhulo wa ku South Africa, Clement Doke, mu 1935 anachita kuwapezera tanthauzo lawolawo pansi pa dzina loti ideophone poona kuti onomatopoeia ikuchepa.

Tibwerere kwa agogo aja. Kuno okalamba amaitanidwa ndi dzina loyamba, ngakhale munthu wa zaka 95, ndipo ine pakamwa panga zinkakana, nde ndinkangowatchula kuti agogo. Tsiku lina anandifunsa tanthauzo lake, nditawauza anasangalala, kuyambira pamenepo ndikalowa osanena ankandikumbutsa okha. Pa shelefu yawo, pakati pa zithunzi za akazi awo omwe anamwalira kale ndi za zidzukulu, panali chinthu chathabwa chimene kwa miyezi ndinkangochipukuta fumbi osadziwa kuti nchiyani. Chinali ndi chogwirira chokwana m'dzanja, chakuda ndi thukuta la zaka zambiri, pamwamba pa chogwiriracho pali kagudumu kathabwa ka mano ngati giya ya njinga koma manowo akuluakulu, kenako chimango chotalika ngati sikelo ya kusukulu ija, mkati mwake muli timatabwa tiwiri topyapyala tomwe nsonga zake zagona pa mano a kagudumu kaja. Penti yofiira ndi yoyera inali itasuluka, pena pake nkuoneka thabwa lenileni. Masana ena ali bwinobwino anandiuza kuti ndiwapatse. Dzanja lawo linkanjenjemera, lopyapyala mitsempha ili poyera, koma atangochigwira anachizunguza mmwamba kawiri ndipo abale anga phokoso lake, khakhakhakhakha, ngati mfuti, mnzanga anathamanga kuchokera ku rumu ina kuganiza kuti china chake chathyoka. Agogo akuseka mpaka misozi. Anati iyi nde rattle yeniyeni, yakumpira.

Anandifotokozera kuti kale m'mabwalo a mpira a ku England aliyense ankapita ndi yake, yopentedwa mitundu ya timu yake, chigoli chikalowa anthu masauzande nkuzunguza nthawi imodzi. Tiyerekeze ndi mavuvuzela a ku South Africa mu 2010, koma athabwa. Iwo anali nayo m'manja ngakhale pa TV, tsiku limene England inagonjetsa West Germany 4-2 ku Wembley mu 1966 anaizunguza pa sitingi rumu mpaka akazi awo kuwatulutsira panja. M'ma 1970 zinaletsedwa m'mabwalo chifukwa nthawi imeneyo ndewu za ochemerera zinali zitanyanya ndipo chithabwa cholemera chonchi chinkasanduka chida. Koma yawoyo sinayambire ku mpira. Inali ya bambo awo, amene pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali m'gulu la anthu oyang'anira mmudzi ndege za adani zikamabwera usiku. Anthu amenewa ankapatsidwa rattle kuti akamva fungo la mpweya wapoizoni azungulire m'misewu akuiliza anthu avale zotchinga kumaso. Bwanji osangoimba wezulo? Chifukwa munthu utavala chotchinga mpweya sungaimbe wezulo, pakamwa patsekedwa, koma dzanja lili ndi ufulu. Ku nkhondo yoyamba asilikali m'maenje omwe ankabisalamo pomenya nkhondo ankachitanso chimodzimodzi. Mwamwayi mpweya wapoizoniwo sunaponyedwe pa Britain nkhondo yachiwiri yonse, nde nkhondo itatha mu 1945 ma rattle anatsala mbwee m'makabati, anyamata nkuwatenga kuwapenta kupita nawo ku mpira. Chinthu chopangidwira kulengeza imfa nkukhala cholengeza chigoli.

Ndipo nkhondo isanabwere chinali cha apolisi. Alonda a usiku m'misewu ya London ankayenda nacho kuitanira anzawo akaona wakuba kapena moto. Polisi ya London itakhazikitsidwa ndi Robert Peel mu 1829, apolisi oyambirira nawo ankanyamula rattle m'thumba la jekete. Zinatha mu 1884 pomwe anasinthira ku wezulo yopangidwa ndi Joseph Hudson wa ku Birmingham, chifukwa wezulo inkamveka patali kuposa, yopepuka, komanso chigawenga sichingakulande nkukumenya nayo m'mutu ngati mmene zinkakhalira ndi chithabwa chija. Kampani ya Hudson ndi imene inadzatchuka ndi mawezulo a Acme amene oimbira mpira ambiri agwiritsa ntchito.

Agogo akuzunguza chinthu chija ine maganizo anandithawira kwathu, ku Misa ya Lachinayi Loyera. Akatolika anzanga mukudziwa, tikangoimba Ulemu kwa Mulungu usiku umenewo mabelu onse amakhala chete mpaka usiku wa Pasaka, ndipo pa nthawi yokweza Ukaristia mnyamata wotumikira amaliza kathabwa, kha, kha, kha, phokoso louma lopanda chimwemwe, ndili mwana linkandichititsa nthumanzi. Kachipangizo kameneko dzina lake la Chilatini ndi crotalus, kuchokera ku Chigiriki krotalon, chomwe ndi rattle yomweyi. Ku Austria ndi kummwera kwa Germany ana amayenda m'midzi masiku amenewo akuliza zikuluzikulu zake m'malo mwa belu la tchalitchi. Ayuda nawo ali ndi yawo pa chikondwerero cha Purimu, akamawerenga nkhani ya Estere, dzina la Hamani likangotchulidwa ana amazunguza kuti dzinalo lisamveke.

Krotalon yemweyo ndi amene anapereka dzina la sayansi la njoka ija timaionera m'mafilimu, rattlesnake, gulu lake lalikulu limatchedwa Crotalus. Njoka imeneyi kwathu kulibe, ku Africa konse kulibe, imapezeka ku America kokha kuyambira kummwera kwa Canada mpaka ku Argentina. Angerezi atafika kumeneko m'ma 1600 anaona njoka yoliza mchira nkuitchula ndi liwu lomwe anali nalo kale. Ine ndinkaganiza kuti kumchira kuli timiyala kapena tinjere ngati m'maseche, koma ayi mulibe kanthu. Ndi timagawo topanda kanthu mkati, ta keratin, zomwe zimapanga zikhadabo zathuzi, tolowana mokhwepa, nde njoka ikanjenjemeretsa mchira maulendo 50 kapena kuposa pa sekondi imodzi timagawoto timagundana tokhatokha. Ikafundula kamodzi kagawo kamodzi kamawonjezereka. Kamwana kongobadwa kamakhala ndi kabatani kamodzi kokha kosalira. Ena amati ukawerenga timagawo udziwa zaka zake, zomwe si zoona, chifukwa imatha kufundula kangapo pa chaka ndipo takumapeto timathyoka. Chimene chinandikhudza nchoti phokosolo si la ukali ayi, ndi chenjezo, njokayo ikukuuza kuti ndili pano usandiponde. Ajeremani amaitcha Klapperschlange, Adatchi ratelslang, Apwitikizi cascavel, aliyense anaitchula ndi khutu.

Zomera nazo. Chija ndanena kuti dzina lake linalipo kalekale, lero kuno pali chimene amachitcha yellow rattle, kachomera ka maluwa achikasu komera m'madambo a udzu wa ziweto. Cha mu July tizikwama take ta njere timauma, mphepo ikawomba kapena ukadutsamo ndi miyendo timalira, ndipo alimi akale ankati kakayamba kulira nde kuti udzu wakhwima tiyeni tikamwete. Mnzanga wina wakuntchito wokonda zamaluwa anandibweretsera kanthambi kouma mu envulopu, nditagwedeza pa khutu kanalira ngati chisekese chaching'ono. Koma anandiuzanso kuti kachomeraka kamayamwa chakudya ku mizu ya udzu, moti anthu amachita kukafesa dala kuti udzu ufooke maluwa akutchire apeze mpata. Ndinati dikirani kaye, chomera choyamwa mizu ya chinzake? Nditafufuza ndinapeza kuti nchapachibale ndi kaufiti, banja limodzi lotchedwa Orobanchaceae. Kaufiti yemwe uja wa maluwa ofiira amene amatilanda chimanga m'munda, amayi ankalira naye chaka ndi chaka, kuno m'bale wake akugulitsidwa m'mapaketi. Palinso zomera za gulu la Crotalaria, dzina lochokeranso kwa krotalon, Angerezi amati rattlepod, zimenezi nde kwathu zilipo zambiri, tija tili ana tinkathyola zikauma nkumagwedeza. Ndiwo ija timati zumba ndi ya m'gulu lomweli.

Tsopano pamene liwuli limandikomera kwambiri ndi pomwe lachoka pa zinthu nkubwera pa munthu. Sabata yanga yoyamba pa ntchito ino kunali agogo ena aamuna odwala matenda oiwalaiwala amene ankakalipa kwambiri powasambitsa, kutukwana, kumenya dzanja pa tebulo. Ndinatuluka mu rumu manja akunjenjemera. Mayi wina amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri anandigwira pa phewa nkunena kuti "don't let him rattle you, love". Sindinafunse tanthauzo, thupi langa linali litamva kale. Munthu amene ali rattled ndi uja wagwedezeka mkati, mtima sukukhazikika, zomwe zinali zomangika bwino zakhwepa zikungogundana ngati machesi m'bokosi. Tanthauzo limeneli linayambira ku America m'zaka za m'ma 1800, ndipo lero olengeza mpira amalikonda zedi, golokipa akalakwitsa kamodzi nkuyamba kutaya mipira amati wakhala rattled. Ife timati wabalalika, kapena wataya mtima, koma chithunzi cha azunguchi chili ndi kukoma kwake, munthu ngati chitini chimene wina wachinyamula nkuchikhutchumula.

Pakamwa napo. Mwana akalakatula ma times table osapuma amati he rattled them off. Munthu wolongolola amene akayamba nkhani samaliza amati she rattles on, ndipo kale munthu wotero ankatchedwa kuti rattle iye mwini, mutu wopanda kanthu koma phokoso, ngati mmene ife timanenera za chitini chopanda kanthu. Galimoto yakutha imene chilichonse chikulira, zitseko, mabampa, mipando, amati rattletrap, liwu limene linayamba nthawi ya ngolo zokokedwa ndi mahatchi magalimoto asanabwere, ife tingati chiphapha. Kuputa munthu dala kuti akwiye amati rattling his cage, chithunzi cha munthu wogwedeza zitsulo za khola la chilombo. Palinso kukhala wekha m'chinyumba chachikulu ana atachoka mwamuna atamwalira, amati rattling around in the house, ngati kanjere kamodzi m'chikho chachikulu, ndipo agogo aakazi angapo kuno andiuzapo mawu amenewa pofotokoza chifukwa chomwe anagulitsira nyumba nkubwera kudzakhala nafe. Amenewa nde amandimvetsa chisoni kuposa onse.

Pa nyuzi mumamva sabre-rattling, dziko likamaopseza linzake, kuonetsa zida, kuyendetsa asilikali m'malire koma osamenya. Sabre ndi lupanga lokhota la asilikali apahatchi, nde ukaligwedeza lili m'chimake limalira, aliyense nkudziwa kuti lilipo ngakhale sunalisolole. Ajeremani amati Säbelrasseln, rasseln uja wabweranso. Ndipo zinachitikapo zenizeni osati mwambi chabe. Mu September 1924 ku Santiago, dziko la Chile, gulu la maofisala achinyamata a asilikali linakakhala m'nyumba ya malamulo pomwe aphungu ankakambirana zodziikira malipiro, malamulo okhudza asilikali ndi anthu apantchito atangoima. Atauzidwa kuti atuluke anatuluka akuliza malupanga awo. Sanabaye munthu, koma patangopita masiku ochepa malamulo aja anadutsa mothamanga ndipo pulezidenti Arturo Alessandri anatuluka m'dzikomo. Mpaka lero kumeneko nkhaniyi amaitcha phokoso la malupanga.

Mukaziika pamodzi muona kuti pafupifupi paliponse rattle ndi phokoso lokuuza kuti tchera khutu china chake chikubwera. Mlonda usiku, mpweya wapoizoni, njoka, lupanga m'chimake, udzu wakhwima, ngakhale makaniko akamva kaphokoso pansi pa bonati amadziwa kuti china chakhwepa chisanathyoke. Ndipo usiku uja mu rumu ya agogo inalinso chimodzimodzi.

Dzina lake lonse ndi death rattle, ngakhale manesi pamaso pa abale amapewa kulitchula, amangoti kupuma kwasintha kapena noisy breathing. Chimene chimachitika nchakuti munthu akafooka kwambiri amasiya kumeza ndi kutsokomola, nde malovu ndi makhololo zimaunjikana kukhosi ndi m'njira ya mpweya, mpweya ukamadutsa nkumazigwedeza. Nthawi zambiri zikayamba ndiye kuti kwatsala maola kapena tsiku limodzi kapena awiri. Ndikufuna anzanga amene mwangoyamba ntchito ino, ndi inu amene muli kwathu mukudwazika makolo, mumve bwino apa: phokosolo limazunza ife omvera kuposa wodwalayo. Munthuyo amakhala ali mtulo tatikulu, sakutsamwa ngati mmene khutu lathu likutiuzira. Chimene timachita ndi kumugoneka chammbali, kukweza mutu pang'ono, kupukuta pakamwa ndi kunyowetsa milomo, osamukakamiza madzi kapena phala chifukwa sangameze. Nesi amatha kubaya jakisoni wa pansi pa khungu, ngati glycopyrronium kapena hyoscine, wochepetsa malovu atsopano, ngakhale sachotsa omwe aunjikana kale. Ndikanadziwa zimenezi tsiku la agogo anga aakazi, bwenzi nditauza amayi kuti asiye kulimbana ndi sipuni ya madzi ija akulira kuganiza kuti mayi awo akufa ndi ludzu.

Tinawatembenuza agogo awiriwiri, ine ndi nesi, kuika pilo kumsana, phokoso linatsikako pang'ono. Ndinakhala nawo nditagwira dzanja mpaka mwana wawo wamkazi anafika cha m'ma 4, mayi wa zaka za m'ma 60, atavala jasi pamwamba pa zovala zogonera, tsitsi osapesa. Atangomva kupuma kuja anaima pakhomo nkugwira pakamwa. Nesi anawafotokozera zonse modekha, kuti bambo sakumva kuwawa, kuti akhoza kuwayankhula chifukwa makutu amachedwa kutseka. Anakhala pa mpando. Patapita nthawi anadzuka nkukatenga rattle ija pa shelefu, kuiika pa bulangete pafupi ndi dzanja la bambo awo, nkumakankha kagudumu kaja ndi chala chachikulu pang'onopang'ono, dzino limodzi, kha, kudikira, dzino lina, kha, motsitsa kuti asadzutse a m'marumu ena.

Kenako anandiyang'ana nkundifunsa kuti kwanu kupuma kotereku mumakutcha chiyani. Ndinaganiza kaye, ndinayesa kufufuza m'mutu mwanga mawu onse amene ndimawadziwa. Ndinawauza kuti kunyumba kwathu sitinakutchule dzina, kutayamba amayi anangondituma kuti ndikaitane amalume. Anagwedeza mutu, kupukuta m'maso ndi mkono wa jasi, nkutulutsa foni kuimbira mchimwene wawo wa ku Scotland kuti anyamuke pompo asadikire kuche.